Mukamadutsa pa Nkhotakota, patukani

 Ndemanga yathu lero ikukhudza maulendo a nyengo ino ya Khirisimasi ndi Chaka Chatsopano, makamaka ulendo umodzi umene ambiri timalonjeza chaka ndi chaka koma osauyenda, wokaona mnzathu wakale.

Disembala akafika pakati, msewu wa M5 supuma. Anthu amachoka ku Lilongwe kudzera ku Salima, ena ku Blantyre kudzera ku Balaka, onse akulunjika kumpoto: ku Chintheche, ku Nkhata Bay, ku Mzuzu. Akafika pa mlatho wa Chia amaima, kugula nsomba n'kuzimangirira kunja kwa galimoto kuti zipitidwe mphepo. Pa boma la Nkhotakota amagula mpunga. Pa Dwangwa amamwa chozizira. Akawoloka Dwambazi m'pamene amatulutsa foni n'kulembera munthu amene anakhala naye desiki imodzi ku pulayimale: "Aise, ndadutsatu kwanuko, koma ndinali pa changu. Tidzaonana pobwerera." Pobwerera uthenga umakhala womwewo, kungosintha tsiku.

Munthu ameneyu anapeza nthawi yonenerera mtengo wa chambo, anapeza nthawi yosankha mpunga wonunkhira, koma ya "odi" pakhomo la mnzake anaisowa. Mawu anga lero ndi awiri. Oyamba: patukani. Achiwiri: popatukapo dziwani nyengo imene mwafikira, kuti kubwera kwanu kusasanduke ngongole kwa amene wakulandirani.

Tiyambe ndi funso limene achinyamata angafunse: kodi foni siyokwanira? Pali WhatsApp, pali Facebook, chithunzi cha mwana wobadwa dzulo ku Johannesburg chikufika kwa Malengachanzi tsiku lomwelo. Zoonadi. Koma pa foni munthu amaonetsa zimene wasankha. Ukamufunsa, yankho ndi limodzi: "Tili bwino, kaya inu." Kuti mayi ake anasiya kuyenda, kuti boti linagulitsidwa pobweza ngongole, kuti mwana woyamba anasiya sukulu ali folomu 2, zimenezo sizilembedwa. Umazimva utakhala pamphasa, nsima itatha, ana atapita kukasewera, iye n'kuyamba ndi mawu akuti, "Achimwene, poti mwabwera nokha…" Zabwinonso n'chimodzimodzi. Munthu amene wafolera nyumba ndi malata atavutika zaka zambiri safuna chala cha pa foni. Amafuna ulowe, uyang'ane kudenga, umugwire chanza.

Makolo athu ankadziwa zimenezi, ngakhale kuti maulendo awo anali ovuta kuposa athu. Amuna ambiri a m'mbali mwa nyanja muno ankapita ku Harare, ku Bulawayo ndi ku migodi ya ku Joni. Ena ankayenda wapansi, ena ankalembedwa ntchito ya ku migodi ndi bungwe la Wenela, mpaka Kamuzu anaimitsa kulemba anthu mu 1974, ndege itagwa ku Francistown n'kupha a Malawi oposa 70 amene ankabwerera kwawo. Wobwerako sankangokhala pakhomo pa mayi ake. Ankayenda mudzi ndi mudzi kukapereka makalata, kandalama ndi malonje a anzake amene anawasiya kumeneko. Ankafotokozera mkazi wa mnzake kuti mwamuna wake ali moyo, ankafotokozera nkhalamba kumene mwana wawo anaikidwa. Amene sanabwerenso, osatumiza ngakhale uthenga, anapatsidwa dzina loti machona. Lero pali machona a mtundu wina: amakhala ku Area 25 kapena ku Ndirande, ulendo wa tsiku limodzi, amadutsa pa msewu kawiri pa chaka, koma anzawo anawaona komaliza pa maliro.

Pali nkhani ina ya pa Nkhotakota pompano imene ikutikumbutsa kuti kukumana sikulonjezedwa kawiri. Mu 1960 chipani cha Malawi Congress chinachita msonkhano waukulu pano, ndipo mtengo umene Kamuzu analankhulira pansi pake anthu amaulozabe. Ku msonkhano umenewo kunafika Henry Masauko Chipembere ndi abale awiri, Dunduzu ndi Yatuta Chisiza, atangotulutsidwa kumene m'ndende momwe atsamunda anawatsekera mu 1959. Anzawo anawalandira ndi chimwemwe chachikulu. Koma Dunduzu anamwalira pa ngozi ya galimoto mu 1962. Mu 1964 nduna za boma la Kamuzu zinagawanika. Yatuta anaphedwa mu 1967, ndipo Chipembere anamwalirira ku America mu 1975. Tsiku lija palibe amene akanaganiza kuti zaka zochepa chabe gulu lija lidzakhala litabalalika. Ife si andale, koma "tidzaonana pobwerera" wathuyu amadalira kuti tonse tidzakhalapo.

Tsopano mbali yachiwiri, imene anthu a m'tauni ambiri saiganizira. Kwa wolandira malipiro pamwezi, Disembala ndi mwezi wonona: ena alandira msanga, ena apatsidwa kabonasi. Kwa mlimi ndi msodzi wa kuno, Disembala ndi mwezi wothina. Chimanga cha m'nkhokwe chatsala pang'ono. Ndalama yapita ku mbewu ndi feteleza. Mvula yagwa, udzu wamera, aliyense m'banjamo akufunika kumunda kukapalira, ndipo madambo a mpunga akudikira manja. Sabata ziwiri kutsogoloku kuli fizi ya temu yachiwiri. Kunyanja nako, kuyambira pa 1 Novembala mpaka kumapeto kwa Disembala makoka ena amaletsedwa kuti chambo chiswane, choncho mabanja amene amadalira khoka amakhala akungodikira. Onjezerani apo kukwera kwa mitengo ya zinthu kuchokera pamene kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Kwa ena a m'dera la Kanyenda palinso bala la madzi osefukira a kumapeto kwa Febuluwale 2024, pamene mtsinje wa Dwangwa unakokolola nyumba ndi minda n'kudula msewu wa M5 womwewu.

Pa nthawi yotereyi mpamene galimoto imaima pakhomo mwadzidzidzi, mutatuluka bambo, mayi, ana anayi, mlamu ndi mnyamata woyendetsa. Mwini khomo amaseka ndi mtima wonse, chifukwa wakondweradi. Koma kuseri kwa nyumba mkazi wake akuwerenga. Tambala amene amasungidwa kuti adzagulitsidwe fizi ikavuta agwidwa. Mwana atumidwa ku golosale kukakongola shuga ndi mafuta ophikira. Mpunga umene unali wa tsiku la Khirisimasi uphikidwa lero. Palibe amene adzakuuzeni, chifukwa kuno kumana mlendo ndi manyazi aakulu kuposa ngongole. Inu mudzachoka mukuyamikira kuti anthu a kunyanja ndi opatsa, iwo n'kutsala akudya kondowole wa ndiwo zamasamba mpaka Januwale atatha.

Kodi ndiye tileke kupita? Ayi. Tipite monga ankapitira akale: mlendo sankafika chimanjamanja, ndipo sankafika ngati mphezi. Foni ija imene talephera kuchezera nayo, apa ndiye pamene ili ndi ntchito. Imbani kukadali masiku angapo. Nenani tsiku, nenani kuti mubwera angati, nenani ngati mugona. Funsani mosabisa kuti, "Kodi tsiku limenelo simukhala kumunda?" Mnzanu akati bwerani madzulo, musakakamire m'mawa. Ndipo nyamulani zolowa m'khitchini: shuga, mchere, mafuta, sopo, ufa ngati mungathe. Nsalu ya mayi wa pakhomopo, makope ndi zolembera za ana. Zimenezi zimatsala inu mutapita. Kireti ya mowa imatha usiku womwewo, ndipo amamwa ndi amuna okha.

Kapatsidwe nako kali ndi ulemu wake. Katundu saperekedwa pabwalo anthu akuona, ngati mwabwera kudzagawa thandizo. Amalowetsedwa m'nyumba mwakachetechete, mayi kwa mayi mnzake. Ngati mukufuna kusiya ndalama, dikirani nthawi yoperekezana, mupatse m'manja mopinda n'kunena kuti, "Aka n'ka sopo wa ana." Aliyense amadziwa kuti si ka sopo, koma mawu amenewo amasunga ulemu wa bambo pamaso pa banja lake.

Apa tafika pamene maubwenzi ambiri akale amathera. Munali awiri, mumawedza limodzi ndi mbedza, mumathawa limodzi sukulu nthawi ya mango. Mmodzi anasankhidwa kupita ku sekondale, lero ali mu ofesi. Wina anatsala, lero ndi mlovi pa boti la munthu wina, kapena amadula nzimbe ku Dwangwa, kumene fakitale ya shuga yakhala ikulemba anthu ntchito kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1970. Mukakumana, wotsalayo amayamba kukuitanani kuti "bwana". Musalole. Muuzeni kuti, "Bwana ali ku ofesi, kuno kwabwera mnzako." Khalani pamene wakhala iye. Idyani chimene chaphikidwa. Kondowole amamata m'manja, usipa uli ndi mutu wake, koma mwana wanu akayamba kukwinya nkhope, mulangizeni pambali. Musathe ola lonse mukufotokoza za maulendo anu a pandege. Funsani za iye: usipa ukugwa bwanji chaka chino, injini ikudya mafuta ochuluka bwanji usiku umodzi, mpunga wa chaka chatha anagula ndani ndipo pa mtengo wanji. Mudzapeza kuti siginala amene amatsogolera chilimira mumdima, kuwerenga mphepo ndi mwezi, akudziwa zinthu zimene inu simunaphunzire m'kalasi iliyonse. Ndipo musanajambule nyumba yake kapena ana ake kuti muike pa Facebook, pemphani. Umphawi wa mnzanu si chokongoletsera ulendo wanu.

Tinenenso za amayi, chifukwa phwando la amuna awiri nthawi zambiri limaphikidwa ndi munthu wachitatu amene sakhala nawo pansi. Amatunga madzi osamba alendo, amatola nkhuni zonyowa ndi mvula, amapeta mpunga, amatsuka mbale usiku. Alendo aakazi a kwathu amadziwa mwambo: ukapuma pang'ono umamanga chitenje n'kulowa kukhitchini. Abambo nafenso tili ndi manja. Galimoto imene yatibweretsa ingathe kukatenga madzi ku mjigo kapena kupita kuchigayo. Ndipo amayi nawo ali ndi anzawo akale. Ulendo usamangokhala wa anzake a bambo okha, mayi n'kumadutsa pakhomo la mnzawo wa pa chinamwali kapena wa kukwaya akungoloza pawindo.

Nkhotakota ili ndi mwayi wina umene mlendo ayenera kuudziwa: kuno Asilamu ndi Akhristu amakhala mpanda umodzi. Chisilamu chinafika ndi a Jumbe, amalonda a Chiswahili amene anakhazikika ku Linga m'zaka za m'ma 1840, ndipo mbiri imati ulimi wa mpunga unakula nthawi yawo. Mbiri yomweyo ili ndi mbali yowawa, chifukwa kuchokera pa gombe lino anthu ambirimbiri anawolotsedwa nyanja kupita ku ukapolo, ndipo mkuyu umene David Livingstone anakumanirana ndi Jumbe mu 1863 pa nkhani imeneyi uli pafupi ndi chipatala cha St Anne's. A mpingo wa Anglican anakhazikitsa mishoni yawo m'zaka za m'ma 1890. Zidzukulu za anthu onsewa lero zimakwatirana, zimaikana maliro, zimadyera limodzi. Pa Idi, mbale ya mpunga imawoloka kupita kwa Mkhristu. Pa Khirisimasi, Mkhristu wodziwa khalidwe amaitana mnzake wachisilamu kuti achinje mbuzi kapena nkhuku, kuti pasakhale wina wokhala pambali nthawi ya kudya. Choncho ngati mnzanu wakale ndi Msilamu, musaganize kuti nyengo ino simukhudzana naye. Pitani. Mowa usiyeni m'galimoto, nyama ya nkhumba isayandikire n'komwe, ndipo nthawi ya swala ikakwana mumpatse mpata. Mukapeza bambo ake ali moyo, kawagwadireni kaye musanayambe nthabwala zanu za kale.

Ena mwa inu simudutsa chabe, mwasungitsa malo ku malo ogona alendo a m'mbali mwa nyanja. Palibe cholakwika. Ndiponso nthawi zina kugona kumeneko kumapeputsa mnzanu amene nyumba yake ndi ya zipinda ziwiri. Cholakwika n'kukhala masiku atatu pamchenga, mtunda woyenda pa kabaza kuchokera kwa mnzanu, iye n'kudzamva kwa anthu kuti munabwera. Ndipo musamuitanitse ngati wantchito kuti akupezeni kumeneko, kumene botolo limodzi la chakumwa lingagule ndiwo za banja lake. Yambani ndinu kupita kwake. Kenako mutengeni ndi ana ake mukasangalale limodzi. Alipo ana obadwira kuno amene sanaonepo njovu, chonsecho nkhalango ya Nkhotakota ili pakhomo, ndipo kuchokera pamene bungwe la African Parks linayamba kuiyang'anira mu 2015, njovu pafupifupi 500 zinasamutsidwira kuno kuchokera ku Liwonde ndi ku Majete mu 2016 ndi 2017. Mpando umodzi wotsala m'galimoto mwanu ungapatse mwana wa mnzanu nkhani yokafotokoza kusukulu. Nayenso mnzanuyo ali ndi zokuonetsani zosalipira: akasupe a madzi otentha a ku Mawira, magule a amayi a chiwoda, ndipo mukapitirira kumpoto kwa Atonga, chilimika cha pa Chaka Chatsopano ndi malipenga.

Mawu ochepa a chitetezo, chifukwa chaka chilichonse nyengo ino imasiya misozi. Nyanja si dziwe. Nthawi ya mvula mphepo ya mpoto imadzuka mwadzidzidzi, ndipo madzi amene anali bata m'mawa amatha kugubuduza bwato masana. M'tchalitchi cha All Saints pa boma muli manda a Bishopu Chauncy Maples, munthu amene anayenda pa nyanjayi zaka zambiri, koma anamira mu 1895 boti lake litakumana ndi namondwe. Mwini dera akakuuzani kuti lero sitikwera bwato, mverani. Akakuuzani kuti apa sitisamba, makamaka kumathiriro a mitsinje monga Bua ndi Kaombe ndi m'mabango a ku Chia, dziwani kuti akunena za ng'ona. Woledzera asalowe m'madzi, ana asasiyidwe okha pagombe. Kolera wa 2022 ndi 2023 anavuta kwambiri m'maboma a m'mbali mwa nyanja, choncho madzi akumwa akhale otetezedwa ndipo kusamba m'manja kukhale kothirirana. Pa msewu, M5 ndi wopapatiza m'malo ambiri, milatho ina ndi yodutsa galimoto imodzi, ndipo m'mbali mwake muli njinga, mbuzi ndi ana. Nyamukani kukuwala. Amene wamwa apereke makiyi.

Kwa inu olandira alendo, nanunso muli ndi mbali yanu. Mnzanu wabwera kudzaona inu, sanabwere kudzayendera nkhokwe. Musakongole katapira chifukwa cha chakudya cha tsiku limodzi. Thobwa, mango, chinangwa chophika ndi usipa wa lero n'zokwanira kwa munthu amene amakukondani. Komanso musasandutse kubwera kwake kukhala tsiku lopereka mndandanda wa mavuto. Alipo ambiri m'tauni amene amaopa kupatuka chifukwa amadziwa kuti akangokhala pansi, pabwera fizi, pabwera feteleza, pabwera foni yowonongeka, ndipo abale a m'nyumba zoyandikana ayamba kufika mmodzimmodzi. Nawonso ali ndi lendi ndi ngongole zawo, kungoti avala bwino. Ngati pali vuto lenileni, muuzeni pambali, limodzi lokha, ndipo akati sangathe, ubwenzi usathere pomwepo. Kupatsa n'kuika, ndipo kuikako kumachokera mbali zonse ziwiri: kathumba ka mpunga kapena usipa wouma umene mumuikire m'galimoto udzadyedwa ku Lilongwe dzina lanu likutchulidwa.

Mlendo ndi mame, anatero akuluakulu. Musadikire kuti mwini nyumba ayambe kunola khasu pamaso panu. Maola atatu okhala pansi mofatsa amaposa masiku anayi otopetsana. Musanatsanzike, funsani za amene anatisiya chaka chino, ndipo ngati pali khomo limene munalephera kukafika pa maliro, pitani mukapepese. Kwathu kuno chipepeso sichichedwa. Funsaninso za aphunzitsi amene anakuphunzitsani sitandade 1, ngati akadali moyo. Ambiri a iwo ali m'midzi momwemu, penshoni ikuchedwa, ndipo palibe chimene chimawasangalatsa kuposa kumva munthu wamkulu akunena kuti, "Aphunzitsi, mwandikumbuka?"

Ndiye inu amene mukukonza ulendo sabata ino, onjezani maola atatu pa ndondomeko yanu ndi kathumba kamodzi pa katundu wanu. Sankhani munthu mmodzi, osati khumi. Muimbireni lero, mumve tsiku limene ali ndi mpata. Ngati nambala yake inatayika, funsani pa msika kapena pa doko dzina la bambo ake, simudzasowa wokulozerani njira. Ndipo inu amene chaka chino ndalama ya ulendo yavuta, imbani foni yeniyeni, mumve mawu ake, mufunse mayi ake ndi ana mmodzimmodzi, m'malo motumiza kachithunzi ka mtengo wa Khirisimasi kamene mwatumizira anthu ena zana.

Ndemanga yathu yathera pamenepa. Apaulendo muyende bwino, oyendetsa muchepetse liwiro pa Benga, pa boma ndi pa Dwangwa, ndipo otsala mutsale bwino. Khirisimasi yabwino ndi Chaka Chatsopano chopambana kwa nonse.